Tsiku limene ndinapha a Malenga ndi masamba a mango

Mukadzafika kwathu kuno, cha ku Kabudula, n'kumva ana akufuula kuti "Aphunzitsi a masamba akubwera!" musadzaganize kuti ndine mlangizi wa zaulimi. Ndimaphunzitsa Chingerezi ndi zamasewero pa sekondale ina yoyendera, ndipo dzina limeneli sindinachite kulipempha. Ndinalipata m'mawa wina wa mwezi wa Juni, nditapha munthu amene anali bwinobwino akumwa tiyi. Nkhaniyi yayenda m'makamwa ambiri ndipo aliyense amathirako mchere wake. Ena amati ndinali nditalawa, ena amati ndinkasirira njinga ya womwalirayo. Ndiye lero ndati ndiinene ndekha, manyazi ndiwaike pambali.

Sukulu zinayi za dera lathu zimapikisana chaka chilichonse pa liwiro lopatsirana kamtengo. Sitithamangira m'bwalo mokha ngati zija mumaona pa kanema. Mwana amanyamuka pabwalo la sukulu yathu, kutsikira kudambo, kudutsa pamjigo, kukwera kamtunda, kupyola m'mudzi, n'kubwereranso pabwalo kudzapereka kamtengo kwa mnzake. Timu iliyonse imakhala ndi ana anayi: mnyamata, mtsikana, mnyamata, mtsikana.

Amene anayambitsa zimenezi ndi a Malenga, ali mphunzitsi wachinyamata, ine ndisanadziwe n'komwe khomo la sukulu. Ankati anatopa kuona ana aliwiro ngati insa, koma liwiro lawolo likungothera kuthawa chikwapu. Chaka choyamba kamtengo kanali chitsononkho, ndipo chinathyoka m'manja mwa wothamanga wachiwiri, moti ana awiri anafika pabwalo aliyense ali ndi theka lake, akukangana kuti lenileni ndi liti. Chaka chachiwiri anayesa nzimbe. (Simufuna kuti ndikuuzeni mmene nzimbezo zinathera. Timu ina inamaliza ndi makoko okhaokha.) Pamenepo mpamene a Malenga anapita kwa kalipentala kukasemetsa timitengo tinayi ta m'bawa, tomwe tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Mphotho yoyamba inali tambala wawo yemwe. Mayina a opambana, ngakhale a amene anagwidwa atakwera ngolo pakamtunda paja, onse ankawalemba m'kope lalikulu lachikuto cholimba.

Njira ya mpikisano inkadutsa pakhomo pawo penipeni, kumapeto kwa mudzi. Atapuma ntchito sanasiye. Ankaima pamenepo ndi ndowa ya madzi ndi wotchi, kumakuwira mwana aliyense ndi dzina la agogo ake. Ndipo njira yonse ankaisonyeza ndi phulusa. Sabata yathunthu ana ankabwera ndi phulusa la kunyumba m'majumbo, tsikulo likafika a Malenga n'kumathira mivi m'mphambano monse.

Koma zinthu zimakalamba. Mpira unalanda mitima ya ana, makolo nawo anasiya kubwera. Kutatsala chaka chimodzi kuti chifike chaka changa cha tsoka, oonerera anali amayi awiri ogulitsa zitumbuwa ndi galu mmodzi, ndipo galuyo anachoka mpikisano uli pakati. A Mwale, hedi wa sukulu yoyandikana nafe amenenso anali wapampando wa mahedi onse anayi, ananena poyera kuti atopa.

"Chaka chino n'chomaliza," anatero pamsonkhano, akusisita mimba yawo. "Tikaona zachibwana zomwezi, timitengoto tikasonkhere moto. Ana azimenya mpira basi."

Tsoka ilo, kutatsala masabata awiri a Malenga anagonekedwa m'chipatala. Nditapita kukawazonda ndinawapeza ataonda, koma pakamwa pali pomwepo. Anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa wezulo wawo wakale, wachitsulo, womangidwa ku chingwe cha nsapato.

"Aphunzitsi, za a Mwale ndazimva," anatero. "Chaka chino muyendetsa ndinu. Ndikupempheni chinthu chimodzi: mpikisanowu usafere m'manja mwanu."

"Musadandaule bambo, zonse zili m'manja abwino," ndinayankha ndikudzigunda pamtima.

"Phulusa mwayamba kusonkhanitsa, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Linali bodza, ndipo ndinalinena pafupi ndi botolo la diripi.

Muyenera kudziwa kuti chaka chimenecho ndinali nditangochokera ku maphunziro a masiku atatu a zamasewero mumzinda wa Lilongwe. Ndinabwerako ndi satifiketi, kapu yolembedwa mawu, ndi mutu wosakwana pakhomo. Phulusa ndinaliona ngati zachikale. Ndinagula tepi ya pulasitiki ya mizere yofiira ndi yoyera, yonga ija amatchingira pamalo a ngozi. Kenako ndinayenda njira yonse foni ili m'manja ndikuyeza mtunda, n'kupeza kuti kudutsa m'mudzi kunkasokoneza manambala anga. Komanso m'mudzimo munali abakha. Ndinagamula kuti ana azilambalala kuseri kwa mudzi. Aphunzitsi anzanga atandifunsa ngati ndawauza a Malenga, ndinati wodwala savutitsidwa ndi nkhani zing'onozing'ono. Anawatulutsa m'chipatala Lachitatu mwakachetechete, koma ine phazi langa silinaponde pakhomo pawo.

Lachisanu masana ndinamanga tepi yanga m'mphambano zonse. Inkaoneka bwino, abale. Ndinaijambula n'kutumizira anzanga a kumaphunziro aja.

Loweruka, tsiku la mpikisano, ndinalawirira kuli kachisanu kukayendera njira komaliza. Pamphambano yoyamba panalibe tepi. Pa yachiwiri panalibenso. Kachidutswa kena ndinakapeza kakulendewera kukamwa kwa mbuzi, kena kali pa galimoto ya mawaya ya kamwana kena, ndipo mayi wina anandidutsa atasenza nkhuni zomangidwa bwinobwino ndi mizere yofiira ndi yoyera. Anandipatsa moni mwaulemu, nanenso ndinayankha mwaulemu. Ndikanatani?

Malo ovuta kwenikweni anali awiri: pamene kamsewu kolowa m'mudzi kamapatukira, ndi pamene kamatulukira. Ana anazolowera kudutsa mmenemo, ndiye pankafunika chowatchinga. Phulusa ndinalibe, nthawi ndinalibe, koma pa kaliyala wa njinga yanga panali chikwanje, ndipo pambali pa njira panali mtengo wa mango wa nthambi zotsika. Ndinasadza nthambi zamasamba obiriwira bwino, n'kuziyala mopingasa kamsewu kaja. Ndinapalasa kuzungulira mudzi, n'kukayalanso zina kotulukira. Pakati pa masamba akuno ndi masamba auko panali nyumba zochepa chabe, ndipo yoonekera kwambiri inali ya a Malenga.

Musandifunse. Ine ndinabadwira kumudzi, cha ku Mpingu, osati ku Ulaya. Ndinayamba kutsika njinga pamasamba ndisanamere mano onse. Ndikudziwa, monga mwana aliyense adziwira, kuti masamba oyalidwa pamsewu uku ndi uku amanena kuti pakatipo pagwa zovuta. Koma m'mawa umenewo m'mutu mwanga munali a Mwale ndi mimba yawo basi. Ndinayang'ana ntchito ya manja anga n'kudziyamikira kuti ndine munthu woganiza msanga.

Pabwalo zinthu zinayamba bwino ndithu. Anthu analipo ochulukirapo kuposa chaka chatha, mwina chifukwa chomva kuti n'komaliza. Mpando wa mlendo wolemekezeka, wa a Malenga, unali udakali wopanda munthu. Mwana wawo wamkazi, Nabanda, amene ankakhala nawo chimwalirireni mayi ake, anali kukhitchini ya sukulu akuthandiza kuphikira alendo. Anandiuza kuti bambo ake analawirira kwa telala kukabweza thalauza la suti, poti matenda anawachotsa thupi, ndipo abwera ndi Che Yusufu, mwini golosale wa pamsika amene ankapereka mphotho chaka chilichonse. A Mwale anati sitingadikire munthu mmodzi. Ndinaunjika ana n'kuwalangiza mokweza:

"Njira yasintha! Mukaona masamba, musalowe mmenemo, pitirirani!"

Ndinaliza wezulo. Anyamata anayi oyamba anauyatsa, ndipo patapita kanthawi anabwerera onse, thukuta lili kamukamu. Wathu anafika wachiwiri, n'kupereka kamtengo kwa Tadala, mtsikana wa Fomu 3 wamiyendo ngati ya kakowa. Asanafike n'kudambo komwe anali atapitirira kale mnzake wa kwa a Mwale. Mtima wanga unavina. Sukulu yathu inali isanapambane kwa zaka zambiri, ndipo ndinayamba kukonza m'mutu mawu odzichepetsa oti ndidzanene polandira mphotho.

Tinadikira. Anyamata a ulendo wachitatu anadumphadumpha kutenthetsa thupi mpaka anatopa n'kukhala pansi. Amayi a zitumbuwa anagulitsa beseni loyamba. Kunjira ya kumudzi kunali zii.

"Kodi aphunzitsi," a Mwale anandiitana, akuyang'ana wotchi yawo, "ana athuwa mwawatumiza ku Mchinji?"

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, kuseka kwa mano okha, n'kudumphira panjinga.

Ndisanafike pamphambano ija ndinamva kulira kwa amayi. Thupi langa linachita zimene linaphunzira kuyambira ubwana: ndinatsika njinga, kuvula kapu yanga ya kumaphunziro, n'kudutsa pamasamba ndikukankha njinga mutu uli pansi. Inde, pamasamba anga omwe. Sindinawazindikire ngakhale pang'ono.

Pakhomo pa a Malenga panali anthu osachepera kalasi yathunthu. Abambo anakhala pansi pa mtengo, amayi pakhonde ndi kuseri, chitseko chili chokiya. Linali tsiku la msika, ndiye panali madengu a tomato, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi njinga za makala zotsamira pankhokwe. Cha pakona, atsikana anayi a mpikisano aja anali atakhala mondondozana, miyendo atatambasula, timitengo ta m'bawa tili pamiyendo. Tadala anali akusisima. (Anandiuza pambuyo pake kuti atafika pamphambano, mayi wina anawaimitsa ndi dzanja: "Ana opanda mwambo inu! Mukuthamanga pamaliro a munthu amene anakuphunzitsani kuthamangako?")

A Malenga! Munthu amene ndinamunamiza ali pabedi la chipatala, osapitanso kukamuona! Ndinakhala pachipika misozi ikutsika yokha, ndipo inali misozi yeniyeni. Patapita kanthawi ndinanong'oneza bambo wina wamakala amene ndinayandikana naye.

"Pepani bambo, kodi zachitika nthawi yanji?"

"Kaya, ife tapeza anthu atakhala kale."

"Nanga thupi lili kuti?"

"Likadali kuchipatala. Simukuona chitseko n'chokiya?"

"Uthenga wabwera ndi ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Uthenga wanji, aphunzitsi? Masamba simunawaone? Munthu anali m'chipatala, lero masamba ali uku ndi uku. Masamba sanama."

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munali mukadali utomoni wa mango.

Paja amati safunsa anadya phula. Woyamba anaona masamba n'kukhala pansi, wachiwiri anaona woyambayo n'kukhala naye, ndipo oyandikana nyumba, amene anali kumunda kukumba mtedza, atamva kulira anabwera akulira kale. Panalibe amene anafunsa, chifukwa pamaliro safunsa ngati pamsika. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa, koma ndinaopa kuulula. Ndivomereze pano chinthu chimene sindinauzepo ngakhale abambo mfumu: kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwina a Malenga amwaliradi panjira, masamba anga angokumanizana ndi tsoka, ndipo kamtima kena koipa kanati zitatero bola. Mulungu andikhululukire.

Ndikulimbana ndi mtima wanga choncho, ndinamva chiphokoso kumsewu. Wakabaza wina anali atafikitsa uthenga kusukulu, ndipo bwalo lonse linali likubwera: ana, aphunzitsi, mahedi, amayi a zitumbuwa ndi mabeseni awo. Kutsogolo kunali Nabanda, amayi awiri atamugwira uku ndi uku.

"Ababa anga ine! Mwachoka m'mawa muli bwinobwino! Mwandisiya ndi yani ine?"

Kulira kumeneko kunandilasa. Nthabwala zonse pambali, sindidzaiwala nkhope ya mayi uja, ndipo pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, chimene chimandiwawabe n'chimenechi. Ndinaimirira kuti ndiulule.

"Pepani anthuni, pali kanthu kena..."

Dzanja lolemera linandikokera pansi. Anali a Mwale. "Khalani pansi aphunzitsi, mwasokonezeka ndi chisoni. Za sukulu ndiyankhula ndine."

Akatekisiti, amene anabwera kudzatsegulira mpikisano ndi pemphero, anapempha kuti tiweramitse mitu. Aliyense anawerama kupatula ine, amene maso anali kufunafuna njira yothawira. Ndipo ndi ine ndekha amene ndinaona kalole ka Che Yusufu kakuima kuseri kwa masamba. Munatsika anthu awiri. Mmodzi anali Che Yusufu ndi mkanjo wawo woyera. Winayo, wowonda, wometa bwino, thalauza lakuthwa mpeni, anavula chipewa chake mwaulemu n'kumayenda pang'onopang'ono monga ayendera munthu pamaliro a mnzake. Anali a Malenga. Ankadzera kunyumba kudzatenga jekete ndi kope lija.

Anadzakhala pachipika kumbuyo kwanga kwenikweni. Ndinakwirira nkhope m'kapu, makutu ali tcheru.

"Che Yusufu," ndinawamva akunong'ona, "kodi pamenepa si pakhomo panga?"

"Ndi panu, bambo."

"M'nyumba muja timakhalamo awiri. Winayo ndi uyo akulira pakhondeyo." Anadziloza pachifuwa. "Ndiye kuti wotsala ndine."

Che Yusufu anafuna kudzambatuka, koma nthawi yomweyo akatekisiti anati amen, a Mwale n'kuimirira kutsogolo, akukonza tayi.

"Dikirani kaye, Che Yusufu," a Malenga anatero. "Mwayi wotere subwera kawiri. Ndimveko."

A Mwale anayankhula, abale. Anati mtengo waukulu wagwa. Anati a Malenga anali tate wa ana onse a dera lino, munthu amene anapereka tambala wake yemwe kuti ana a eni athamange. Anati mpikisano wa lero waimitsidwa. Kenako anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso.

"Ena mwa ife tinkayankhula zambiri," anatero. "Koma ine Mwale ndikulonjeza pamaso pa anthu nonsenu, ndi pamaso pa Mulungu, kuti ndikadali moyo mpikisano umenewu sudzatha. Tidzaupitiriza chaka ndi chaka powakumbukira bambo athuwa."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Pamenepo kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola, kenako mawu amene mwana aliyense wa dera lino ankawadziwa.

"Zikomo kwambiri, a hedi. Tabwerezani mawu omalizawo pang'onopang'ono, ndikufuna ndikawalembe m'kope."

Zimene zinachitika sindingathe kuzifotokoza mwadongosolo chifukwa zinalibe dongosolo. Bambo wamakala uja anadumpha chipika osachikhudza. Tomato anamwazika bwalo lonse. Nkhuku zomangidwa miyendo zinayesetsa mmene zikanathera. Akatekisiti anaima nji, koma buku la mapemphero linali litazondoka. Ndipo a Mwale, munthu amene sindinamuonepo akufulumira ngakhale belu la moto litalira, anautsa liwiro lopita kumunda wa chinangwa, loti akanakhala mu timu ya sukulu yawo mphotho ikanapita kwawo popanda mkangano.

Nabanda yekha ndi amene anathamangira komwe ena ankathawa. Anawagwira bambo ake mikono, kuwagwira masaya, kuwatsina khutu, kenako n'kukhala pansi akuseka ndi kulira nthawi imodzi. A Malenga anagwada pambali pake, thalauza latsopano lili m'fumbi. "Ndili pano amama, ndili pano. Ndimangomwa tiyi kuseri kwa golosale."

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, ena atayamba awagwira kaye dzanja kuti atsimikize, a Malenga anaimirira n'kusasa fumbi.

"Tsono amene wandiyalira masamba ndani? Ndimuthokoze."

Ana onse khumi ndi asanu ndi mmodzi a mpikisano, amene ndinawalangiza ndekha za masamba, anatembenuka pamodzi n'kundiyang'ana. Chikwanje nacho chinali pa kaliyala, chikuwala padzuwa. Ndinayenda ngati mbuzi yopita kokaphedwa, n'kugwada pakati pa tomato, ndipo ndinaulula zonse: za tepi, za foni, za abakha, za phulusa limene sindinasonkhanitse. Amayi ena anayamba kundiwerengera mitundu ya uchitsiru wanga. Wina anati ndilipe tomato. Nabanda anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

A Malenga anandisiya ndigwade kanthawi ndithu.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "ine ndinati mpikisano usafere m'manja mwanu. Sindinanene kuti mupezepo wina woti afe m'malo mwake."

Anthu anaphulika ndi phwete, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunandipulumutsa. Anandidzutsa ndi dzanja lawo, n'kuyang'ana khamu lonse lija, lochuluka kuposa limene mpikisano wathu unaonapo chiyambire.

"Anthu awa abwera kale, eti? A Mwale nawo alonjeza kale, mboni ndi izi. Nanga tikudikira chiyani? Kachotseni masamba anuwo. Nabanda, tapala phulusa kukhitchiniko."

Atsikana anayi aja anayambira pomwepo, pakhomo pa womwalira, womwalirayo ataliza wezulo yekha. Anthu a kumsika anaiwala msika n'kutsatira mpaka kusukulu. Tadala, amene maso anali akadali otupa, anafika woyamba, koma mnyamata wathu wa ulendo wachitatu anagwa pamjigo ndipo tinathera pa nambala yachiwiri. Inapambana ndi sukulu ya a Mwale. Polandira mbuzi ndi sopo kwa Che Yusufu, a Mwale anali akadali ndi zisoso m'masokosi, ndipo a Malenga anawapatsa cholembera kuti asaine pansi pa lonjezo lawo m'kope muja. Anasaina, nanga akanakana bwanji?

Lolemba lake ndinapita kukapepesa kwa Nabanda ndi nkhuku m'manja. Nkhukuyo analandira, koma moni wanga anayamba kuyankha patatha miyezi itatu. Pondiperekeza tsiku limenelo, a Malenga anaima pamphambano paja n'kuloza mtengo wa mango, zipsera za chikwanje changa zikuoneka.

"Munayala bwino koma," anatero. "Mowongoka, masamba osankha. Tsiku langa lenileni likadzafika mudzayale ndinu. Ntchito mwaiphunzira kale."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija.

Anaonereranso mipikisano ina itatu ali pakhomo pawo ndi ndowa ya madzi. Kenako m'mawa wina, mvula yoyamba itangogwa, Nabanda anafika kunyumba kwanga. Sanalire. Anangoti, "Aphunzitsi, ababa anati mukayale ndinu." Akuluakulu a m'mudzi anali atavomera kale, poti mwini wake anawauziratu.

Ndinatenga chikwanje chomwe chija, n'kupita pamtengo womwe uja. Ndikuyala nthambi yomaliza, bambo wina wa njinga ya makala anaima. Anali yemwe uja. Anayang'ana masamba, n'kuyang'ana ine, phazi limodzi lili pa pedulo.

"Aphunzitsi, mwayambanso?"

Anandiyang'anitsitsa kumaso, kenako anatsika njinga pang'onopang'ono n'kuvula chipewa.

Mpikisano ulipobe, ndipo wezulo ali ndi ine. Njira inabwerera m'mudzi, abakha ndi abakha omwe. Ana akafika pakhomo pa a Malenga amasiya kuthamanga n'kuyenda mpaka atapitirira nyumbayo, ngakhale amene ali patsogolo, ndipo palibe amene anawalamula zimenezi. A Fomu 1 akandifunsa chifukwa chake, ndimawauza kuti ndi ulemu kwa amene anayambitsa mpikisano. Zotsalazo amakazimva kwa makolo awo, ndipo m'mawa mwake ndimawaona akubwera ndi majumbo a phulusa, akundiyang'ana m'mbali n'kumaluma milomo kuti asaseke.